Nthawi ya mamilisekondi mu Python, ndi zimene ndinaona ku Kamwala

Achimwene, mwafunsa mmene mungapezere nthawi ya pano mu mamilisekondi (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1000), ndiye poti mwati ndi Python ndipo mukufuna nthawiyo ikhale nambala ya malipiro a pa foni, lembani time.time_ns() // 1_000_000 basi. Imeneyi ilipo kuyambira Python 3.7. Ngati makina anu akadali ndi yakale, int(time.time() * 1000) igwira. Zonse ziwiri zikutulutsirani manambala 13. Mukawerenga n'kupeza 10, dziwani kuti mwagwira masekondi. Zikuwerengedwa kuchokera pa 1 January 1970 pa nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse limayenderapo, ndiye musadabwe kuti sizikuoneka ngati deti.

Koma akulu amene akuyankhani pamwambapa kuti sekondi ndi yokwanira, akuti anthu awiri sangalipire nthawi imodzi, chonde musawamvere. Mtima wanga wachita kuwawa nditawerenga, chifukwa mawu omwewo ndi amene analiza mwana wa eni ine ndikuona ndi maso angawa.

Inali shopu yopikulitsa ku Kamwala mu Lusaka, ya shuga, saladi, unga, sopo, mukudziwa mmene kumakhalira kumathero a mwezi, azimayi a ku Chawama ndi ku Kanyama atathithikana pa makauntala atatu, mawilibala akudikira panja. Ambiri amalipira pa foni. Panali ka script kamene kamalandira uthenga wakuti ndalama yalowa n'kulemba mu database ya MySQL, ndipo anakalemba ndi mwana wa mlongo wawo wa abwana. Ine ntchito yanga pamenepo inali ya maprinta ndi mawaya a netiweki, script sinali yanga. Loweruka lina madzulo ndafika kudzaona printa yomwe imatafuna mapepala, ndikupeza chitseko chachitsulo chatsitsidwa theka, alonda aima pakhomo, antchito onse ali duu m'mbali mwa makatoni. Pakati pali mtsikana wa pa kauntala yachiwiri. Abwana agwira pepala la lipoti, akulimenyetsa pa tebulo, akuti katundu watuluka pa kauntala yako koma malipiro palibe, ukupatsa abale ako katundu wanga ulere. Anamuuza akhuthule chikwama pamaso pa aliyense. Munatuluka chitenje, chaja ya foni, mafuta odzola, kakontena ka nsima yotsala masana ndi timakwacha ta basi. Manja ake amanjenjemera moti zipi ya kathumba kam'kati inamukanika, mpaka mayi wina wa kusitoko anachita kumutsegulira. Samakuwa ayi, misozi imangotsika, akungobwereza kuti bwana ndinaona meseji pa foni ya kasitomala, ndinaona meseji. Ndalama imene amamunenerayo inali yoposa malipiro ake a mwezi, ndipo ndinamva pomwepo kuti mwezi wapitawo anali atamudula kale pa nkhani yomweyi. Mawu akuti polisi anatchulidwa kangapo.

Mnyamata wa script uja anali pomwepo, atatsamira friji, akuseweretsa makiyi a galimoto. Akuti kompyuta sinama.

Ndinapempha abwana kuti asanaitane aliyense anditumizire sitetimenti ya akaunti yawo ya pa foni ya tsiku limenelo. Anandiyang'ana ngati ndalowerera za pabanja, koma anatumiza. Ndinakhala pa thumba la unga, laputopu pamiyendo, n'kuyika sitetimenti mbali ino, tebulo la mu database mbali inayo. Ndalama zonse zinalimo mu akaunti, ngakhale ngwee imodzi sinasowe. Zimene zinasowa ndi mizere ya mu database. Ndipo mzere uliwonse wosowa unali ndi mnzake wa pa kauntala ina amene analowa pa sekondi yomweyo, wina 14:32:07 winanso 14:32:07. Nditatsegula script ndinapeza nambala ya malipiro ndi int(time.time()), yomweyonso ndiye primary key, nambala yozindikiritsa mzere imene siiyenera kufanana ndi ya mzere wina, ndipo polemba anagwiritsa REPLACE INTO. Amene mumadziwa MySQL mwaona kale. REPLACE ikapeza key yofanana sidandaula, imafufuta mzere wakale n'kuika watsopano, ngati kondakitala wa minibasi wotsitsa munthu amene walipira kale kuti pakhale wina, ndipo palibe error, palibe log, palibe chilichonse. Nditamufunsa mnyamata uja chifukwa chake, akuti poyamba INSERT imabweretsa error ya duplicate, ndiye anaichotsa. Tangomvani! Makina amamuuza tsiku ndi tsiku kuti pali vuto, iye n'kuwatseka pakamwa, mlandu n'kugwera mwana wosauka wokwera basi ziwiri kubwera kuntchito.

Ndinawaonetsa onse pa sikirini, mzere ndi mzere. Mukuganiza anavomera? Akuti ndi netiweki, mwina meseji imafika mochedwa. Kenako Lolemba mnyamata uja akubwera monyada kuti wakonza, tsopano ndi mamilisekondi. Ndikuyang'ana, walemba int(time.time()) * 1000. Taonani pamene pali bulaketi yomaliza yotsekera. Wadula kaye tizigawo tonse ta sekondi, kenako n'kuchulukitsa, ndiye nambala iliyonse ikuthera 000. Manambala 13 alipodi, koma akadali masekondi omwe aja. Ndipo zimenezi ndaziona kwa anthu ena ambiri, ngakhale mu PHP, munthu kulemba time() * 1000 pamene pakufunika microtime(true). Inu mukamaliza yang'anani manambala atatu akumapeto, akamangokhala 000 pali chalakwika.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti palibe anapepesa mtsikanayo. Anamukhuthulitsa chikwama pagulu, koma ndalama yomwe anamudula anamubwezera mwakachetechete mu envelopu, ngati akumuchitira chifundo. Sanakhalitse, anasiya ntchito. Mnyamata uja akadali pomwepo, ndipo ndikumva amauza anthu kuti ndi iye anapeza vuto. Magazi ndi magazi, ife a mawaya tingatani.

Ndiye inu samalani izi. Column ikhale BIGINT. INT wamba amathera pa 2147483647, nambala ya mamilisekondi singalowemo, ndipo MySQL ikakhala kuti strict mode ndi yozimitsa imangoidula n'kuika 2147483647 yemweyo pa mzere uliwonse, pamenepo ndi REPLACE mutsala ndi mzere umodzi tebulo lonse. Mukafuna kusunga ngati deti, lembani DATETIME(3) ndi NOW(3), chifukwa DATETIME yopanda nambala imataya tizigawo ta sekondi. Pa log yoti munthu awerenge, datetime.now(timezone.utc).isoformat(timespec="milliseconds") ndi yaukhondo. Ena amakonda strftime ndi %f, koma %f imapereka manambala 6, mamayikirosekondi, ndiye muyenera kudula atatu akumapeto. Ndipo utcnow() isiyeni, kuyambira Python 3.12 akuchenjeza kuti ikuchoka. Sungani UTC, muzisintha poonetsa pokha ndi ZoneInfo("Africa/Lusaka"). Ife tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse, ndiye seva yanu ikakhala kunja malipiro a 01:00 usiku adzaoneka ngati a dzulo, akauntanti n'kuyamba kukusakani. Ngati kutsogolo kuli JavaScript, Date.now() ndi mamilisekondi kale, musachulukitsenso, ndipo mukaipatsa masekondi new Date ikubwezerani January 1970. Mu bash ya pa Linux ndi date +%s%3N, koma pa Mac musadalire %N. Komanso mukatumiza kwa abwana pa Excel, nambalayo ioneka 1.7E+12 iwo n'kuganiza kuti fayilo yawonongeka, ndiye column imeneyo muisandutse text.

China, wotchi ya kompyuta si yoikhulupirira kwambiri kuno kwathu. Mukukumbuka 2024 madzi atachepa ku Kariba, malaiti akupita pafupifupi tsiku lonse. Makompyuta akale a m'mashopu ambiri kabatire kakang'ono ka pa motherboard, CR2032, kanafa kalekale. Malaiti akabwera makina amayaka ndi deti yolakwika, intaneti ikalowa NTP, yomwe imatenga nthawi yolondola pa intaneti, n'kukonza, nthawi n'kudumpha. Ikhozanso kubwerera m'mbuyo, time.time() salonjeza kuti izingopita kutsogolo. Ndiye ngati mukuyeza kuti chinthu chatenga nthawi yaitali bwanji, gwiritsani time.perf_counter() kapena time.monotonic(), osati kuchotsera ma time.time() awiri. Pa Windows naponso, ngati Python yanu sinafike 3.13, wotchi nthawi zina imasuntha modumpha pafupifupi mamilisekondi 16, ndiye manambala 13 mukuwaona koma zinthu ziwiri zotsatizana zikhoza kulandira nambala imodzi.

Kunena zoona nthawi isakhale ID n'komwe. Ngakhale milisekondi anthu awiri akhoza kugundanapo, makamaka mauthenga akaunjikana netiweki itagwa n'kubwera onse pakamodzi. Siyirani AUTO_INCREMENT, kuti MySQL izipereka yokha manambala motsatizana, kapena uuid.uuid4(), ndipo nambala ya transaction imene kampani ya foni imatumiza muiike UNIQUE, nthawi ikhale pa column yakeyake. Ngakhale ku Kamwala kuja ine ndinangoika time_ns() // 1_000_000 chifukwa abwana sanafune kulipira zokonzanso tebulo, ndipo sindinamvenso kuti pasowa mzere, ndiye ngati akufulumizitsani ikani yomweyo muyende. Koma REPLACE INTO ichoke lero lomwe, mubwezere INSERT wamba, ndipo error ya duplicate ikabwera script ilembe mu log n'kuyesanso ndi nambala ina.