Mano a mawanga: makala, mandimu kapena kwa dokotala?

Funso: Mano anga ali ndi mawanga ofiirira kuyambira ndili mwana. Anzanga akuti ndizikwecha ndi makala kapena soda wothira mandimu, ena akuti ndipite kwa dokotala wa mano. Kodi chothandiza n'chiti? Mayi wa ku Bangula.

Yankho: Mayi, kuno ku Chigwa cha Shire mawanga a paubwana otere nthawi zambiri amabwera ndi fluoride, mchere wina wachilengedwe, akachuluka m'madzi a mijigo ina. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Vutoli limayambira m'kati dzino likamapangika, mwana asanakwane zaka 8, ndiye ngakhale mukweche bwanji mawangawo sachoka.

Makala ndi phulusa zimangopala zakuda za tiyi kapena fodya, uku zikudya gawo loyera lolimba la pamwamba pa dzino. Mandimu ndiye oipitsitsa, asidi wake amalisungunula, ndipo silimeranso. Pansi pake pali gawo lachikasu, choncho mano amafika pooneka achikasu kuposa kale, n'kumawawa mukangomwa madzi ozizira.

Njira ya kunyumba yomwe tingavomereze imayambirabe kwa dokotala. Amakuyezani mano n'kukupangirani kapulasitiki kovala m'kamwa, momwe mumathira mankhwala oyeretsa mano otchedwa carbamide peroxide a 10 peresenti, kadontho kamodzi pa dzino lililonse, usiku uliwonse kwa milungu pafupifupi 2. Mukachulukitsa, amasefukira pa nkhama n'kuziwotcha.

Kuchipatala amapaka mankhwala amphamvu oyeretsa mano otchedwa hydrogen peroxide a 25 mpaka 40 peresenti, atayamba aphimba nkhama, ndipo zimatha pa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Kuyera kwake sikusiyana kwenikweni ndi kwa kapulasitiki, mumangolipirira changu. Zonse ziwirizi sizisintha mtundu wa zomatira za m'mano, ndipo kuyerako kumazilala pakapita nthawi.

Koma kwa inu peroxide yekha sangathetse mawanga ozama. Dokotala amatha kupala kagawo kochepa kwambiri ka pamwamba ndi mankhwala apadera, kapena kumata dzinolo ndi zomatira zoyera. Yambani mwakapimitsa pa chipatala cha boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa, chifukwa dzino lobooka liyenera kumatidwa kaye, apo ayi mankhwala amalowa m'bowo n'kuwawa zedi. Ngati ndinu oyembekezera, dikirani kaye.

Ngati muli ndi ana aang'ono, funsani alangizi a zaumoyo za kuchuluka kwa fluoride m'madzi a mjigo womwe mumatungapo. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride.