Kodi Chakudya cha ku Mexico Ndingachipeze ku Kasungu?

FUNSO: Akonzi, ndili ku Johannesburg ndinazolowera kudya taco, chakudya cha ku Mexico, ndipo chibwerereni kwathu ndikuchilakalaka. Ndingachipeze kuti?
Mayi wowerenga, Kasungu

YANKHO: Mayi, malo ophikira zakudya za ku Mexico ndi osowa m'Malawi muno, choncho ndi bwino muziphika nokha, pakuti zofunika zambiri zili pamsika wa Kasungu pomwepo. Chimanga chomwe timadalirachi chinayamba kulimidwa ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo nyemba, tomato, tsabola ndi mapeyala ndiwo maziko a kaphikidwe kawo.

Povuta ndi pa tortilla, kamkate kopyapyala kokulungira ndiwo popanga taco. Mgaiwa kapena ufa woyera sugwirana, chifukwa eni ake amayamba awiritsa chimanga m'madzi a laimu wophikira kapena a phulusa, ofanana ndi chidulo chathu, n'kuchisiya usiku wonse, kuchitsuka bwino, kenako n'kuchipera chikadali chonyowa. Phwathalitsani timipira ta phalalo ndipo muwotche pachiwaya chopanda mafuta.

Guacamole, chosakaniza cha peyala chothira mu taco, ndiye wosavuta: nyenyani peyala lakupsa, muthiremo anyezi, tomato, mandimu, mchere ndi kambuzi pang'ono, poti kambuzi sachita naye masewera.