Yankho: matabwa ofumbwa m'nyumba yakale

Achimwene, mwafunsa zoyenera kuchita ndi matabwa a denga la nyumba yakale omwe afumbwa ndi tizilombo toboola mitengo. Musathamangire kugula mankhwala. Yambani mwaona ngati tizilomboto tikadalimo m'matabwa a denga lanulo. Sesani bwinobwino, yalani nyuzipepala pansi pake, mudikire masabata angapo. Mukapeza kaufa koyera katawunjikana pansi pa timabowo, ndiye kuti tili moyo. Timabowo tokha si umboni, chifukwa ndi potulukira kachilombo katakula. Mphutsi yake imakhala ikudya mkati kwa zaka 2 mpaka 5.

Ngati tilimo, tsekani kaye podontha madzi. Timakonda mtengo wachinyezi. M'nyumba ya agogo anga, mapaso omwe anafumbwa kwambiri anali apansi pa lata lobooka. Ena onse anali bwino. Titasintha latalo, tinapala matabwa n'kupaka mankhwala ophera tizilombo otchedwa permethrin kawiri, mawindo ali otsegula, ana ali kutali. Oyilo wakutha wa galimoto musapake m'nyumba, chonde, ndi woopsa pa moto.

Ndiye tengani sikuludiraiva mubaye mtanda wonyamula denga. Ikalowa mosavuta ngati mukubaya mbatata yophika, itanani kalipentala wodziwa ntchito asanagone munthu m'chipindamo. Mukaonanso timisewu tadothi pakhoma, chimenecho ndi chiswe, pafunika akatswiri opopera.