Za kalata ya msonkho ija ndi nkhani ya achimwene anu, mabodi ake ndi osiyana achemwali

Achemwali, pepani kwambiri ndi zomwe zawagwera achimwene anu, tithokoze kuti moyo ulipo. Uthenga wanu ndauwerenga wonse. Mwati mumagwira ntchito yosamalira okalamba ku Sacramento, mwezi watha mwalandira kalata ya Franchise Tax Board, ofesi yotolera msonkho wa malipiro ku California, yoti muwonjezere msonkho chifukwa pa fomu yanu munalembapo amayi ndi ana anu awiri omwe ali ku Malawi kuphatikiza ka mtsikana kamene mumakhala nako kunoko, nde mkati mwa zomwezo achimwene anu abayidwa ndi mpeni usiku akukapereka zakudya kwa kasitomala, bilu ya kuchipatala yafika ndipo ntchito sakugwira. Wina kutchalitchi wakulangizani kuti mulembe kalata imodzi kwa State Controller, mkulu woyang'anira ndalama za boma la California, poti amakhala m'bodi ya msonkho ndi m'bodi yothandiza ovulazidwa pa milandu, kapena mupite ku Board of Equalization akakukhululukireni.

Amene anakuuzaniyo sananame zonse ayi. Controller wa California, amene kuyambira January 2023 ndi mayi Malia Cohen, amakhaladi wapampando wa Franchise Tax Board, amakhala membala wa Board of Equalization, amakhalanso mu California Victim Compensation Board yothandiza ovulazidwa pa milandu ija. Koma kukhala pamipando itatu sikumupatsa mphamvu yofufuta msonkho wa munthu kapena kulamula kuti wakuti alipidwe, pa bodi iliyonse ali ndi voti imodzi basi ndipo misonkhano yambiri amatumako nthumwi. Mukalemba kalata imeneyo masiku anu apitiriza kuwerengedwa inu mukudikira yankho, ndipo masikuwo ndi amene ine akundidetsa nkhawa kuposa china chilichonse mu uthenga wanu.

Tiyambe ndi Board of Equalization poti dzina lake likumvekabe pakamwa pa anthu amene anabwera kuno kale. Bodi imeneyi inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a California mu 1879, ili ndi mamembala 5, anayi amasankhidwa pa chisankho aliyense m'chigawo chake, wachisanu ndi Controller uja, ndipo onse amakhala zaka 4. Kwa zaka zambiri apilo ya msonkho wa munthu ngati inu inkapitadi kumeneko ndipo andale ndi amene ankagamula. Mu 2017 kafukufuku wa Department of Finance anapeza kuti ogwira ntchito ndi ndalama za bodiyi zinkapatutsidwira ku zochitika za mamembala, nde aphungu anapanga lamulo limene bwanamkubwa Jerry Brown anasaina chaka chomwecho, kuilanda mphamvu zambiri. Kutolera msonkho wa pa malonda kunapita ku dipatimenti yatsopano ya CDTFA, kumva maapilo kunapita ku Office of Tax Appeals imene inayamba ntchitoyo pa 1 January 2018. Board of Equalization inatsala ndi kuyang'anira mmene ma county 58 amawerengera msonkho wa nyumba ndi malo, katundu wa makampani a njanji ndi magetsi, msonkho wa mowa ndi wa makampani a inshuwalansi. Nkhani yanu kumeneko kulibe khomo lake.

Franchise Tax Board nayo pamwamba pake pali anthu atatu, Controller, wapampando wa Board of Equalization ndi mkulu wa Department of Finance, koma atatuwa samva mlandu wa munthu mmodzimmodzi, amene akulemberani ndi ogwira ntchito. Tengani kalatayo pompano muone pamwamba. Ngati palembedwa Notice of Proposed Assessment ndiye kuti ikadali ngongole yongoganiziridwa, muli ndi masiku 60 oti mutsutse, kuwerenga kuchokera pa deti la pa kalatapo osati tsiku limene munang'amba envulopu, ndipo tsiku lomaliza amalilemba pomwepo. Mwati inabwera mwezi watha, nde theka lapita kale. Kutsutsako mutha kutumiza pa MyFTB, akaunti yanu ya pa intaneti ya Franchise Tax Board, kapena pa kalata, mulembe dzina, nambala yanu ya msonkho, chaka chimene akunena, ndalama zake, chifukwa chimene mukukanira, musaine, ndipo mutha kupempha kuti akumveni pakamwa. Mukangokhala chete masiku 60 aja n'kutha, ngongoleyo imakhazikika ndipo njira yotsala ndi kulipira kaye kenako n'kupempha kuti akubwezereni.

Akaona kutsutsa kwanu amatumiza kalata ya chigamulo chawo yotchedwa Notice of Action. Simunakhutire, apo mpamene Office of Tax Appeals imalowa, ndipo masiku ake ndi 30 okha. Ikakhala nkhani yoti anakana kukubwezerani ndalama masiku ake ndi 90. Ofesi imeneyi ili payokha, siili pansi pa amene amatolera msonkho, mkulu wake amasankhidwa ndi bwanamkubwa, ndipo mlandu umamvedwa ndi gulu la anthu atatu amene ntchito yawo ndi kuweruza za msonkho osati kufuna mavoti. Mutha kusankha kuti agamule poona zikalata zokha kapena mukaonekere nokha, ndipo Sacramento ndi amodzi mwa malo amene amakhala. Akatseka kulandira umboni amatulutsa chigamulo cholemba pasanathe masiku 100, ndipo amene sanakondwe ali ndi masiku 30 opempha kuti aunikenso. Sikuti mpaka loya, munthu wamkulu aliyense amene mumamudalira atha kukuimirani, komanso pali Tax Appeals Assistance Program pamene ophunzira zamalamulo amathandiza ulere moyang'aniridwa ndi maloya. Ngati ndalama zake sizikufika $5,000 pa chaka pali njira ya milandu ing'onoing'ono yomvedwa ndi woweruza mmodzi, ndi yachangu koma chigamulo chake simungapemphe kuti achiunikenso, nde ganizani kaye musanasaine.

Tsopano ndikuuzeni poyera, chifukwa kukusekererani apa kungakhale kukupwetekani. Pa nkhani ya amayi ndi ana awiri a ku Malawi aja mwayi wopambana ndi wochepa kwambiri. Lamulo limati munthu amene mukumulemba kuti mumamusunga akhale nzika ya America kapena wokhala ku America, Canada kapena Mexico. Olo mutabweretsa marisiti onse a ndalama zimene mumatumiza mwezi ndi mwezi, fizi, feteleza, mankhwala a amayi, oweruza aja akhulupirira kuti mumawasamaladi koma alibe mphamvu yosintha lamulo chifukwa cha chisoni, ndipo malamulo aakulu a California amaletsa ofesi ngati imeneyi kunena kuti lamulo la aphungu ndi lolakwika, zimenezo ndi za makhoti. Ine lamulo limeneli limandiwawa chifukwa ndikudziwa kuti gawo la malipiro a anthu athu limathera kumudzi, koma ndi mmene liliri. Kupatula ngati mwa ana awiriwo wina anabadwira kuno ndipo ali ndi pasipoti ya America, apo nkhani ndi ina, mundiuze.

Pamene pali nkhondo yoti mumenye ndi pa mwana amene mumakhala nayeyo. Ngati akuchotserani head of household yonse, ndiko kuchepetsedwa kwa msonkho kwa munthu wosakwatiwa amene akusamalira banja, mwana ameneyo payekha atha kuibweza, bola muonetse kuti anakhala nanu kuposa theka la chaka, kuti ndalama zoyendetsera nyumba zoposa theka zinachoka m'thumba mwanu, komanso kuti pa lamulo la msonkho mumawerengedwa ngati wosakwatiwa. Kumbukirani kuti amayamba ndi kuganiza kuti Franchise Tax Board yalondola, mtolo wa umboni uli pa inu. Nde pitani ku ofesi ya sukulu ya mwanayo akupatseni kalata yokhala ndi adiresi yanu ndi madeti a chaka chimenecho, tengani pangano la lendi pamene dzina lake lalembedwa, mapepala a kuchipatala, mabilu a magetsi, ndi kope ya fomu FTB 3532 ya head of household imene inapita ndi msonkho wanu muone zimene zinadzazidwapo. Chiwongola dzanja chimapitirira kukwera nthawi yonse ya apilo, choncho gawo limene mukudziwa kuti mugonja ndi bwino kulipiriratu kapena kupempha kulipira pang'onopang'ono. Ndipo ngati anthu omwewo munawalembanso pa fomu ya IRS, ofesi ya msonkho ya boma la ku Washington, konzani ndi fomu yokonzera zolakwika ya 1040-X musanalandire kalata yachiwiri, maofesi awiriwa amapatsana zikalata. Mukagonja ku Office of Tax Appeals khoti la Superior Court lilipo koma lamulo ndi loti lipira kaye kenako sumira kuti ubwezeredwe.

Za achimwene anu ndi khomo lina ndithu. California Victim Compensation Board ili ndi anthu atatu, nduna ya Government Operations Agency amene ndi wapampando, Controller, ndi munthu mmodzi wosankhidwa ndi bwanamkubwa. Thandizo limeneli linayamba mu 1965, California ndi imene inayamba m'dziko lonse la America. Musalifanizire ndi Victim Support Unit ya kupolisi kwathu, iyi ndi bodi yolipira mabilu, ndipo gawo lalikulu la ndalama zake limachokera ku zindapusa zimene olakwa amalipira ku makhoti ndi thandizo la boma la ku Washington. Pa intaneti mupezabe dzina lakale la Victim Compensation and Government Claims Board, chenjerani nalo, kuyambira 2016 madandaulo osumira boma lenilenilo anasamukira ku Department of General Services, bodiyi inatsala ndi ovulazidwa pa milandu komanso anthu amene anamangidwa osalakwa, amene amapatsidwa $140 pa tsiku lililonse limene anakhala m'ndende.

Mwafunsa mwamantha za mapepala a achimwene anu. Mapepala okhalira m'dziko muno si muyeso pa thandizo limeneli, chofunika n'choti mlandu unachitikira ku California kapena wovulalayo amakhala ku California. Sikufunikanso kuti wowabayayo agwidwe kapena apezeke wolakwa kukhoti. Chimene amayang'ana ndi chakuti nkhani inakanenedwa ndipo wovulalayo akuthandizana ndi apolisi mmene angathere, komanso kuti iye sanali nawo m'zoyambitsa. Wapolisi wofufuza akaimba foni ayankhe, chifukwa mawu oti sanagwirizane ndi apolisi akangolowa mu lipoti amavuta kuwachotsa. Nthawi yopemphera ndi zaka 7 kuchokera tsiku la mlandu, koma musadikire, bilu ya chipatala siidikira.

Amalipira chipatala, uphungu wa m'maganizo, malipiro amene munthu wataya chifukwa chovulala, kusamuka ngati pali chiopsezo, ndi maliro pamene munthu wamwalira, zonse pamodzi osapitirira $70,000. Foni kapena ndalama zimene anaberedwa salipira, chipukuta misozi cha ululu salipiranso, zimenezo mpaka kusumira munthuyo kapena kupempha khoti limulamule kubweza. Ndipo iwo ndi omaliza pa mzere, amayamba afunsa ngati pali inshuwalansi, Medi-Cal (thandizo la boma lolipirira chipatala), kapena thandizo la kuntchito poti anavulala ali pa ntchito, nde mufunse kampani imene amaperekera zakudyayo za inshuwalansi ya ovulala ndipo yankho lawo likhale lolemba. Tsiku lina akadzapata ndalama kukhoti pa kuvulala komweku bodi idzafuna kubwezeredwa zake.

Apa mpamene nkhani zanu ziwiri zimakumana, osati kwa Controller. Kuti alipire malipiro otayika amafuna umboni wa zimene munthu ankapeza asanavulale pamodzi ndi kalata ya dokotala yonena kuti sangagwire ntchito kuyambira liti mpaka liti, ndipo kwa munthu wodzilemba yekha ngati woperekera zakudya umboni wake waukulu ndi mafomu a msonkho. Ngati achimwene anu ankalemba msonkho, olo ndi ITIN, nambala ya msonkho ya amene alibe Social Security, sungani makope onse ndi ma 1099 awo, mapepala oonetsa zimene kampani inawalipira. Ngati sankalemba gawo limeneli livuta, koma la chipatala likhalabe.

Fomu yake mutha kudzaza pa intaneti, koma ine ndingakonde mupite ku Victim Witness Assistance Center ya county yanu, ku Sacramento ili pansi pa ofesi ya District Attorney, woimira boma pa milandu, amathandiza ulere ndipo amadziwa kupeza nambala ya lipoti la polisi. Lamulo limafuna kuti bodi iyankhe pa avereji ya masiku 90 ndipo pempho lililonse lisadutse masiku 180, ndipo pakakhala vuto la mwadzidzidzi ngati lendi kapena mankhwala mutha kupempha thandizo lachangu pa fomu yomweyo. Akakana, kalata yoyamba imakhala maganizo a ogwira ntchito chabe, muli ndi masiku 45 ochita apilo, kenako womva mlandu amalemba zimene wapeza n'kupereka kwa atatu aja kuti avomereze kapena akane. Zikakanikabe mutha kupempha bodi iganizenso pasanathe masiku 60, kapena kupita ku Superior Court kuti ione ngati bodi inatsata lamulo. Loya akakuthandizani pa pempho limeneli amalipidwa ndi bodi, 10 peresenti ya thandizolo kapena $500, chimene chili chochepa, nde wina akakutchajani ndalama zambiri kuti akudzazireni fomu imeneyi mukaneni.

Mufunsenso loya wa za immigration za U visa, chilolezo chokhalira m'dziko muno cha ovulazidwa pa milandu, poti kubayidwa kotere kumalowa m'gulu la milandu imene wovulala wothandiza apolisi amatha kupempherapo, koma imeneyo ndi nkhani ya boma la ku Washington, mabodi a California alibe nayo gawo. Zimene ndalembazi ndatengera zimene mwandifotokozera, kalata yeniyeniyo sindinaione, nde ijambuleni mbali zonse ziwiri mubise nambala yanu ya msonkho munditumizire lero, ndione mutu wake ndi tsiku lomaliza lotsutsira.