Mafuta akakutherani pa Autobahn, kodi ndi mlandu?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena amene akukhala ku Leeds, ku England, komwe amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo. Laisensi ya kumeneko anaipeza chaka chatha, ndipo mu Disembala akufuna kuyenda pa galimoto yawo ndi ana awiri kukaona mng'ono wawo ku Köln, ku Germany. Analemba kuti: "Mnzanga wa kuntchito akuti ku Germany mafuta akakuthera pamsewu waukulu apolisi amakulipiritsa chindapusa. Zoona zimenezi? Nanga kuno ku England? Ine kanyale ka mafuta kamayaka pafupifupi sabata iliyonse, ndimathira malipiro akalowa."

Achemwali, mnzanuyo sananame. Koma ndikuuzeni pachiyambi pomwe kuti m'kalata yanu chimene chandisowetsa mtendere si chindapusacho ayi. Ndi mawu omalizawo, a kanyale koyaka sabata iliyonse.

Tiyambe ndi ku Germany. M'malamulo awo a pamsewu, amene amawatchula mwachidule kuti StVO, simupezamo mzere wonena kuti kutha mafuta ndi mlandu. Chimene chilimo, m'ndime 18, ndi chakuti kuima pa Autobahn, msewu waukulu wa liwiro wa kumeneko, n'koletsedwa, ngakhale kamzere ka m'mbali kaja kamene galimoto siziyendamo. Amene amakhululukidwa ndi munthu amene wakakamizika kuima ndi chinthu chimene sakanachipewa: tayala laphulika, injini yafa mwadzidzidzi, kutsogolo kwachitika ngozi. Mafuta sali m'gulu limeneli. Geji ili pamaso panu, kanyale kanayaka kalekale, malo omwetsera mafuta munawadutsa mukuona. Choncho kwa iwo simunaonongekeredwe galimoto, mwaima pamalo oletsedwa chifukwa cha kusakonzekera kwanu. Ndime 23 ya malamulo omwewo imaika pa dalaivala udindo woonetsetsa kuti galimoto ili bwino asanainyamule.

Chindapusa chake si chachikulu. Kuima pa Autobahn ndi ma euro 30. Koma ku Germany galimoto ikaima kupitirira mphindi 3 amati mwapaka, ndipo kupaka pa Autobahn ndi ma euro 70 komanso pointi imodzi m'kaundula wa madalaivala amene amasungidwa ku Flensburg. Munthu wakutheredwa mafuta sangachoke pa mphindi 3, ndiye yembekezerani chachikulucho. Poti inu simukhala m'dzikolo, apolisi ali ndi mphamvu yokuuzani kuti mupereke ndalama pomwepo ngati chikole. Zikavuta kwambiri, wina n'kugunda galimoto yanu n'kuvulala, nkhani imachoka pa chindapusa n'kukhala mlandu wa kukhoti wovulaza munthu chifukwa cha kusasamala.

Ku England nkhani yake ndi yokhotakhota pang'ono. Kulibenso lamulo lotchula mafuta mwachindunji. Koma buku lija munawerenga pokonzekera mayeso, Highway Code, pa lamulo 97 limati musananyamuke onetsetsani kuti muli ndi mafuta okwanira, makamaka ngati mudutsa pa motorway, msewu waukulu wa liwiro wa kumeneko. Kuima pa hard shoulder, kamzere ka m'mbali kaja, n'kololedwa pa vuto ladzidzidzi basi. Wapolisi akaona kuti mwatsekereza msewu kapena mwaika ena pachiswe chifukwa chonyalanyaza geji, akhoza kukuimbani mlandu woyendetsa mosasamala, umene uli m'ndime 3 ya Road Traffic Act ya 1988. Chilango cha pomwepo ndi mapaundi 100 ndi mapointi 3, ndipo kukhoti mapointi amatha kufika 9. Si aliyense amalipiritsidwa, wapolisi amaona mmene zinthu zilili. Koma inu makamaka muchenjere apa: munthu amene wangopambana mayeso oyendetsa, akafikitsa mapointi 6 zaka 2 zisanathe, laisensi imalandidwa ndipo amayambiranso mayeso onse. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kuyenda khomo ndi khomo, laisensi ndiye khasu. Mapointi 3 a mafuta, 3 ena a kamera ya liwiro, khasu lapita.

Ndikudziwa chifukwa chake lamulo lotere limatidabwitsa ife ochokera kumudzi kuno. Kwathu kutha kwa mafuta timakuona ngati tsoka, monga mvula kukupeza panjira. Ndipo nthawi zambiri ndi tsokadi. Mu 2011, mafuta atasowa m'dziko muno, ndinagona pamzere usiku wonse ku Lilongwe n'kupatsidwa malita ochepa, pamene kumudzi ku Ntcheu kunali maliro a azakhali. Tinanyamuka madzulo ndi alamu anga tikuwerengera kuti tikafika. Titadutsa Dedza, tisanafike pa Lizulu, galimoto inayamba kutsamwa, kenako zii. Tinaikankhira m'mbali, koma theka lake linali lidakali pa phula. Alamu anathyola nthambi n'kuzindandalika mumsewu monga timachitira. Ine ndinakhala m'galimoto. Thiraki ya mateyala ambiri inadutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake inagwedeza galimoto yonse, galasi la m'mbali n'kupindika. Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera n'kukakhala patali m'munda wa anthu. Patapita maola awiri mnyamata wa kabaza anatibweretsera malita 5 m'chigubu, tinathira ndi botolo lodula pakati, ndipo palibe anatifunsa kanthu. Aliyense wodutsa ankangoti pepani.

Moyo umenewu unatiphunzitsa kuyenda ndi mafuta a m'kapu. Timathira a ndalama zimene zili m'thumba, timadziwa kuti kanyale kakayaka galimoto iyendabe kamtunda, ndipo ikazima anthu atithandiza kukankha. Ku Malawi si ulesi, ndi umphawi ndi kusowa kwa mafuta. Koma chizolowezichi chikakwera nafe ndege n'kukafika pamsewu wa Azungu chimasanduka msampha, chifukwa kumeneko kulibe wa kabaza, kulibe nthambi, kulibe munda wothawiramo, ndipo liwiro lake ndi lina.

Taganizani liwirolo. Pa Autobahn boma limalangiza makilomita 130 pa ola, ndipo m'zigawo zambiri mulibe malire n'komwe. Galimoto yoyenda pa 130 imadutsa mamita 36 pa sekondi imodzi. Dalaivala akayang'ana pa foni masekondi 3 okha, wadutsa utali wa bwalo la mpira osaona kutsogolo. Ndipo mafuta samasankha pothera. Akhoza kuthera muli mumzere wapakati mukupitirira thiraki, kapena pamalo amene akukonza msewu pomwe kamzere ka m'mbali katsekedwa. Injini ikazima chiwongolero chimauma, mabuleki amagwira bwino kawiri kapena katatu kenako amalimba ngati mwala. Muli ndi masekondi ochepa oti mudutse mizere iwiri ndi galimoto yopanda mphamvu, ana ali kumbuyo. Ichi ndiye chimene opanga lamulo ankaona. Ine ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse, ndipo ndimaona kuti ma euro 70 ndi ochepa poyerekeza ndi chimene akuteteza.

Ku England kuli vuto lina lowonjezera, misewu ija amati smart motorway, imene hard shoulder anaisandutsa mzere woyendamo. M1 ndi M62 pafupi ndi kwanu ku Leeds zili ndi zigawo zotere. Pothawira ndi timalo topakidwa utoto wa olenji timene tili apo ndi apo, ndipo galimoto yakutha mafuta sidikira kuti mufike pamenepo. Mu 2023 boma linasiya mapulani omanga misewu ina yatsopano yotere chifukwa anthu sankaikhulupirira, koma imene inamangidwa kale ilipobe.

Tsono zikachitika, muchite chiyani? Apa mpamene mayiko awiriwa amasiyana, ndipo munthu akhoza kusokoneza.

Ku England, galimoto ikangoyamba kutsamwa, yatsani mahazadi n'kulowera kumanzere mpaka kumapeto. Tulukani nonse pa zitseko za kumanzere, mudumphe chitsulo cha m'mbali mwa msewu, muime patali, osati kutsogolo kwa galimoto komwe ingakankhidwire ikagundidwa. Thirayango musaike. Highway Code imaletsa kuika thirayango pa motorway chifukwa kuyenda pamenepo n'koopsa kuposa phindu lake. Imbani ku National Highways, bungwe loyang'anira misewu ikuluikuluyi, pa 0300 123 5000 kapena pa foni yadzidzidzi ya m'mbali mwa msewu, kenako kwa okuthandizani monga AA kapena RAC ngati munalembetsa. Ngati mwazimira pakati pa msewu ndipo simungatuluke bwinobwino, khalani m'galimoto malamba ali omanga, mahazadi akuyaka, muimbe 999 nthawi yomweyo kuti atseke mzerewo ndi chizindikiro chofiira cha X.

Ku Germany amayenda kumanja, ndiye mukankhire kumanja. Apa pali kanthu kamene anthu ochokera ku England amaiwala: m'galimoto yanu, chitseko cha dalaivala chidzakhala kumbali yabwino, koma mwana wokhala kumanzere chitseko chake chidzatsegukira m'kamwa mwa mathiraki. Auzeni anawo musananyamuke kuti zikavuta aliyense atulukira kumanja. Valani jekete lonyezimira musanatuluke. Galimoto zolembetsedwa ku Germany zimakakamizidwa kukhala nalo kuyambira 2014, ndipo ku France komwe mudutse nakonso limafunika. Gulani atatu, muwasunge m'kati, osati kubuti pansi pa masutikesi. Mosiyana ndi ku England, ku Germany thirayango ndi lamulo. Malamulo amati pamsewu wa liwiro iikidwe pafupifupi mamita 100 kumbuyo, ndipo bungwe la oyendetsa galimoto la ADAC limalangiza kupitirira apo pa Autobahn. Timitengo toyera ta m'mbali mwa msewu timatalikirana mamita 50, ndiye werengani titatu kapena tinayi, mukuyenda kuseri kwa chitsulo. Pa timitengo tomweto pali kamuvi kakuda kosonyeza kumene kuli foni yadzidzidzi yapafupi. Mafoniwo ndi a olenji ndipo amapezeka pafupifupi makilomita 2 aliwonse. Nambala ya ngozi ndi 112.

Chimodzi chokha ndikupemphani mwapadera, chifukwa ndi chimene Mmalawi aliyense amaganiza poyamba: musatenge chigubu n'kuyamba kuyenda wapansi kukafuna mafuta. Kuyenda wapansi pa Autobahn n'koletsedwa, kuwoloka ndiye kudzipha. Musaitanenso mlamu wanu wa ku Köln kuti abwere ndi chigubu adzaime kumbuyo kwanu, chifukwa pamenepo galimoto zoima pamalo oopsa zakhala ziwiri. Dikirani a ntchito yake. Ndipo funsani kampani yanu ngati chithandizo chimene mumalipira chimafika kunja kwa Britain, chifukwa nthawi zambiri cha ku Ulaya chimagulidwa padera.

Abale a ku Joni amene mumawerenga kuno, inunso nkhaniyi ikukukhudzani. Malamulo a ku South Africa amaletsa kuima pa freeway pokhapokha pa chifukwa chimene simukanachitira mwina, amaletsanso kuyenda pansi pamenepo, ndipo thirayango imaikidwa mamita osachepera 45 kuchokera pa galimoto. Amene munaimapo usiku m'mbali mwa N1 mukudziwa kuti kumeneko choopsa si mathiraki okha.

Tibwerere kwa inu, achemwali, ndi kanyale kanu. Ndikumvetsa kuti ndalama imathera njira zambiri, lendi, ana, ndi zotumiza kumudzi. Koma taonani: galimoto imamwa mafuta ofanana kaya thanki ili pamwamba kaya ili pansi. Kuyenda ndi kanyale sikupulumutsa ndalama ngakhale imodzi. Chimene chikufunika ndi kudzipana kamodzi kokha, mwezi umodzi, kuti mudzaze thanki, kenako muzithira ikafika pa kota monga mmene mumathirira ikafika pansi. Kuyendera mafuta a pansi kumaononganso pampu, chifukwa pampu ya m'thanki imazizira ndi mafuta omwewo. Ngati galimoto yanu ndi ya dizilo, ikauma mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo kuthira malita 5 sikutanthauza kuti ilira. Zina zimafuna makaniko.

Nambala ija galimoto imakuonetsani, yakuti mwatsala ndi mamailosi akutiakuti, musaikhulupirire pa ulendo uwu. Imawerengera mmene mwakhala mukuyendera, ndipo inu mwakhala mukuyenda m'timisewu ta ku Leeds muli nokha. Galimoto yodzaza ana ndi katundu, m'nyengo yozizira, pa liwiro la 130, imamwa mwina. Kumbukiraninso kuti geji yanu ikuwerenga mamailosi pamene zikwangwani kutsidya kwa nyanja zikunena makilomita. Disembala ndi nthawi ya chipale ndi mizere italiitali, ndipo mukaima ola lathunthu pamsewu wotsekeka mudzafuna injini ilire kuti ana asazizidwe.

Pa ulendo wanu ndingachite chonchi. Dzazani musanafike ku Dover, doko lowolokera nyanja kupita ku Calais ku France. Mukatsika ku Calais mudzatenga njira ya ku Belgium, kudutsa cha ku Brussels ndi Liège, kulowa Germany pa Aachen, kenako A4 mpaka ku Köln. Kuchokera ku Calais ndi makilomita pafupifupi 400, ndiye muime kamodzi ku Belgium, ana akadye, inu muthire ngakhale geji ikuoneka kuti ili bwino. Pampu muiwerenge modekha: ku France dizilo amalemba Gazole, ku Germany petulo amalemba Super. Mafuta a pamalo opumira a pa Autobahn penipeni amadula, koma mukaona chikwangwani cholembedwa Autohof, patukani, malo amenewo ali pafupi ndi potulukira ndipo mtengo wake umakhala wotsikirako.

Mukafika mundilembere, ndimve kuti ana aona bwanji tchalitchi chachikulu chija cha pafupi ndi mtsinje wa Rhine. Moni kwa achemwali aang'ono.