Kodi khoti la ku Arusha lingawatulutse amuna anga?

Imelo iyi ndaiwerenga katatu ndipo yandisowetsa tulo. Mayi wina wandilembera kuti amuna awo atha zaka 6 ali kundende. Mlandu unazengedwa popanda loya, apilo inakanidwa, ndipo wina wawauza kuti ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kuli khoti la mayiko a mu Africa loona za ufulu wachibadwidwe. Akufunsa kuti: kodi khoti lakunja lili ndi mphamvu yanji pa boma ndi makhoti a dziko langa, nanga lingawatulutse amuna anga?

Mayi, ndikuyankhani. Koma mundilole ndiyambe ndi achimwene anga, chifukwa funso lanuli linatulukapo pakamwa panga zaka zapitazo.

Achimwene anamangidwa ine ndili ndi zaka 23. Anawatenga mbandakucha pa mlandu wakuba moopseza umene sankaudziwa mutu wake. Anawapanikiza ndi mafunso masiku atatu popanda wowaimira, tsiku lachinayi n'kusaina pepala la Chingerezi chimene sankachimva bwino. Belo inakanidwa. Kenako fayilo inasowa. "Fayilo yasowa, mubwerenso." Mawu amenewa ndinawamva zaka 4. Ndinali ndi envulopu yakhaki momwe ndinkasunga kapepala kalikonse: makalata, masiku amene mlandu unaimitsidwa, mayina a mboni zimene sizinabwere. Ndikafika kunyumba amayi ankandichingamira pakhomo n'kufunsa kuti, "Ati chiyani lero?" Ine ndinkasowa mawu atsopano onenera chinthu chomwechomwecho. Imvi zawo zinamera ndikuona.

Chaka chachitatu ndinamva pawailesi kuti munthu angathe kusumira boma lake kunja. Ndinakhala pansi n'kulemba dandaulo la masamba 14 pamanja, mnzanga wina n'kunditayipira, ndipo ndinalitumiza ku bungwe lina lakunja lolandira madandaulo otere. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti anthu ophunzira akutaliwo akangowerenga adzaimba foni, chitseko cha ndende n'kutseguka. Yankho linabwera patapita miyezi 8, ndime ziwiri zokha: ndinali ndisanamalize njira zonse za m'makhoti a kwathu, choncho dandaulo silikanalandiridwa. Tsiku limenelo ndinalira ngati mwana. Ndimalize bwanji njira pamene fayilo yake kulibe? Chimene sindinkadziwa n'chakuti lamulo limeneli lili ndi khomo. Ndime 56 ya pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wachibadwidwe imanena kuti munthu sakakamizidwa kudikira ngati zikuonekeratu kuti njira za kwawo zikuchedwa mopitirira muyeso. Masamba anga 14 aja anadzaza ndi misozi, koma mfundo imeneyi munalibe.

Amene anawatulutsa achimwene ndi mtsikana wina, loya wongoyamba kumene ntchito. Anatenga envulopu yanga, n'kuyala mapepala onse patebulo motsatira masiku, n'kukaima pamaso pa jaji wa khoti lalikulu. Anayamba ndi malamulo oyendetsera dziko, kenako anawerenga zigamulo za makhoti akunja zonena kuti munthu sangakhale pa rimandi mpaka kalekale chifukwa choti boma lataya mapepala ake. Ndinali kumbuyo, ndipo ndinaona jaji akusiya kuyang'ana wotchi n'kuyamba kulemba. Patapita milungu itatu achimwene anali kunyumba, ataonda, akutsokomola, koma ali kunyumba.

Ndiye mukaona, chitseko anatsegula ndi jaji wa kwathu. Koma mawu amene anam'gwira dzanja jajiyo anachokera kunja. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za makhoti amenewa, ndipo zimene ndinaona m'chipinda chija ndazipeza kulikonse.

Makhotiwa alibe apolisi, alibe asilikali, ndipo makiyi a ndende sasunga. Khoti la ku Arusha linabadwa ndi pangano limene linavomerezedwa ku Ouagadougou, m'dziko la Burkina Faso, mu 1998, panganolo n'kuyamba kugwira ntchito mu 2004. Lili ndi majaji 11, onse a mu Africa muno. Boma likasaina, limalonjeza kuti lidzamvera chigamulo, ndipo lonjezo limenelo ndiye chingwe chokhacho cholimangira. Taonani mlandu woyamba umene khotili linauzenga mpaka kumapeto. M'busa Christopher Mtikila wa ku Tanzania ankafuna kuti munthu aziloledwa kupikisana nawo pachisankho popanda chipani. Mu June 2013 khoti linamuvomereza, n'kuuza Tanzania kuti isinthe malamulo ake. Mtikila anamwalira pangozi ya galimoto mu 2015, lamulo lili chikhalire. Anthu a mtundu wa Ogiek a m'nkhalango ya Mau ku Kenya anapambana mu 2017, mu 2022 khoti linalamula kuti apatsidwe chipukutamisozi ndi malo awo, koma mu 2023 ena ankagwetseredwabe nyumba. Izi ndikukuuzani dala, Mayi, chifukwa sindifuna kuti mudikire foni imene ine ndinadikira.

Komabe amene amati makhotiwa ndi agalu opanda mano sindigwirizana nawo, ngakhale pang'ono. Lohé Issa Konaté, mkonzi wa nyuzipepala ku Burkina Faso, anam'gamula kukhala kundende miyezi 12 chifukwa cholemba nkhani zodzudzula mkulu wina wozenga milandu. Mu December 2014 khoti la ku Arusha linati kutsekera mtolankhani pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu n'kuphwanya ufulu wolankhula. Chaka chotsatira Burkina Faso inachotsa chilango cha ndende pa milandu yotere ya atolankhani. Ndiyeno mu 2018, kutali ku Lesotho, majaji anathetsa lamulo lawo lofanana nalo, ndipo mwa zimene anatsamira munali chigamulo cha Konaté. Arusha sinalamule Lesotho chilichonse. Maloya a ku Maseru ndiwo anachinyamula chigamulocho n'kulowa nacho m'khoti mwawo.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mnyamata wa ku Turkey, Yusuf Salduz, chifukwa ndi nkhani ya achimwene anga yeniyeni. Anamangidwa ali ndi zaka 17, anafunsidwa kupolisi popanda loya, anavomera mlandu, pambuyo pake n'kunena kuti anachita kumukakamiza. Mu 2008 khoti la ku Strasbourg, limene limaona za ufulu wachibadwidwe ku Ulaya, linati munthu ayenera kukhala ndi loya kuyambira pamene apolisi ayamba kumufunsa. Chigamulocho chinali cha Turkey, koma chinagwedeza mayiko amene sanali nawo pamlanduwo. Mu 2010 khoti lalikulu la ku Britain linati zimene apolisi a ku Scotland ankachita, zofunsa munthu yekhayekha, sizingapitirire, ndipo aphungu a kumeneko anasintha lamulo mwachanguchangu. France nayo inasintha lake mu 2011. Mnyamata mmodzi wa ku Izmir anachititsa kuti anthu osawadziwa n'komwe, m'mayiko amene mwina sanapondemo, azikhala ndi wowaimira m'chipinda chija. Ndikaganiza za masiku atatu amene achimwene anakhala okha, ndimadziwa kulemera kwake kwa chinthu chimenechi.

Ngakhale chikwapu cha kusukulu chili ndi mbiri yotere. Amayi awiri a ku Scotland anakana kuti ana awo azikwapulidwa ndi lamba, n'kupita ku Strasbourg, ndipo anapambana mu 1982. Aphungu a ku London anakangana zaka 4, mpaka mu 1986 analetsa kukwapula m'sukulu za boma, mavoti 231 kwa 230. Voti imodzi yokha! Khoti linayatsa moto, koma amene anakoleza anali aphungu, makolo ndi aphunzitsi a m'dzikomo.

Kutsidya la nyanja, khoti la mayiko a ku America limene lili ku San José, m'dziko la Costa Rica, linachita chinthu chachikulu kuposa pamenepa. Mu 1991 gulu la asilikali linapha anthu 15 m'dera la Barrios Altos ku Lima, mmodzi mwa iwo mwana wa zaka 8. Mu 1995 boma la Peru linapanga lamulo lokhululukira asilikali onse. Mu 2001 khoti la ku San José linati lamulo lotere lilibe mphamvu, chifukwa boma silingadzikhululukire lokha pa magazi a anthu. Khoti lalikulu la ku Argentina linatsamira chigamulo chimenechi mu 2005 pothetsa malamulo amene ankateteza asilikali ankhanza a kumeneko. Ndipo mu 2009 majaji a ku Peru komweko anagamula mtsogoleri wakale Alberto Fujimori kukhala kundende zaka 25. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo uwu unadikira zaka 18 osaola.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawira. Maboma amadziwa bwino lomwe kuti makhotiwa amaluma, n'chifukwa chake amawathawa. Kuti munthu wamba akasume yekha ku Arusha, boma lake liyenera kusaina chilolezo chapadera cha mu ndime 34(6) ya pangano la ku Ouagadougou lija. Mayiko ochepa okha ndiwo anasaina, ndipo ena mwa ochepawo anabweza dzanja: Rwanda mu 2016, Tanzania mu 2019, Benin ndi Côte d'Ivoire mu 2020. Tanzania, kumene khotilo limakhala! Mkaidi wa m'ndende ya ku Arusha angathe kukhala pafupi ndi khoti limene saloledwanso kugogoda. Nanga khoti la SADC la ku Windhoek? Mu 2008 linagamula motsutsana ndi Zimbabwe pa nkhani ya minda, Zimbabwe inakana kumvera, ndipo atsogoleri a chigawo chino, m'malo modzudzula mnzawo, anaimitsa khotilo mu 2010, kenako mu 2012 anagwirizana kuti anthu wamba asamasumekonso. Nkhani ya minda ndi yowawa, ili ndi mbiri ya utsamunda imene sindingaipeputse. Koma chitseko chimene anatseka sichinali cha alimi achizungu okha. Chinali chanu, chinali changa, chinali cha mayi aliyense amene mwana wake wafera m'chitolokosi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndimayamikira kuti mu 2018 khoti la zamalamulo a dziko ku South Africa linanena poyera kuti pulezidenti Jacob Zuma analakwira malamulo potenga nawo mbali pa kupha khotilo.

Ndipo asandiuze kuti akuteteza ufulu wa dziko wodzilamulira. Anasaina okha, popanda wowagwira pakhosi. Majaji a ku Arusha amasankhidwa ndi mayiko a mu African Union omwewo. Mtsogoleri amene amakonda khoti likamamuvomereza, n'kulitcha la atsamunda likamutsutsa, sakuteteza dziko. Akuteteza mpando. Izi si za ku Africa kokha: Venezuela inachoka ku khoti la ku San José, Britain inazengereza zaka zoposa 10 pa chigamulo cha mu 2005 chokhudza ufulu wa akaidi wovota, ndipo Russia inatuluka m'manja mwa Strasbourg mu 2022. Kulikonse amene amavutika ndi munthu wa envulopu yakhaki.

Tsono inu mutani?

Mlandu wofanana ndi wanu ulipo. Alex Thomas, mkaidi wa ku Tanzania amene anagamulidwa zaka 30 pa mlandu wakuba moopseza, anapambana ku Arusha mu 2015. Khoti linati pa mlandu waukulu chotere boma linayenera kum'patsa loya waulere ngakhale iye asanapemphe. Koma silinalamule kuti atulutsidwe, linati zimenezo limachita pokhapokha pali zifukwa zapadera kwambiri. Choncho yankho la funso lanu ndi lakuti lingathe, koma silichita kawirikawiri, ndipo zimatenga zaka.

Yambani ndi kufufuza ngati dziko lanu linasaina chilolezo chija. Malawi, Ghana, Gambia, Mali ndi Burkina Faso ali m'gulu la amene anasaina. Ngati lanu mulibe, njira ina ndi komishoni ya ku Banjul, ku Gambia, bungwe la mayiko a mu Africa lolandira madandaulo a ufulu wachibadwidwe. Onetsetsani kuti apilo inafika ku khoti lomaliza, ndipo musachedwe, chifukwa amakana dandaulo lobwera patapita nthawi yaitali popanda chifukwa chomveka. Musakalembe kuti jaji analakwitsa kukhulupirira mboni, pakuti Arusha si khoti la apilo. Kalembeni ufulu umene unaphwanyidwa, ndipo wanu ndi woonekeratu: munthu anazengedwa mlandu waukulu wopanda womuimira. Kusuma kumeneko salipiritsa, ndipo khoti lingathe kukupezerani loya.

Koma musanatumize kalikonse kunja, pezani loya kapena bungwe lothandiza akaidi kwanu komweko, mumuonetse dzina la Alex Thomas, mumufunse ngati pali njira yopempha khoti lalikulu kuti liunikenso mlanduwo. Sabata ino pitani kukapempha zolembedwa zonse za mlandu, kuyambira tsiku loyamba, makamaka tsamba losonyeza kuti panalibe loya. Pempholo mulilembe pakalata, adinde chidindo pa kope lanu, ndipo mulisunge. Akakuuzani kuti fayilo yasowa, lembani tsikulo ndi udindo wa amene wanena, chifukwa kapepala kameneko kadzakhala umboni. Mukapeza mapepalawo ndilembereninso, tiwayale limodzi motsatira masiku monga anachitira mtsikana uja.