Musagule mfuti yathunthu kuti mudzataye zigawo zake zitatu

Owerenga ena andilembera kuti apeza Remington 700 yakale ya alenje, ya .30-06, pamtengo wotsika. Akufuna aichotse mpope (paipi yodutsamo chipolopolo), thako (mbali yogwira ndi yotsamiritsa paphewa) ndi trigger (kokokera powomba), aimange mwatsopano kuti aziwombera chandamale pa mamita 600 mpaka 1000. Mnzawo akuwauza kuti atenge mfuti ina, Tikka T3x. Funso lawo ndi loti asankhe iti.

Akulu, funso lanuli landikhudza chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama asanawombe n'kamodzi komwe. Tawerengani zimene mwanena nokha. Mpope mutaya, thako mutaya, trigger mutaya. Chimene chikutsala m'manja mwanu ndi action, chitsulo chapakati chija chimene bolt (chitsulo chokankha chipolopolo ndi kuchitsekera mu mpope) imayendamo ndiponso pamene mpope umamangidwa. Ndiye simukugula mfuti ayi, mukugula chitsulo chimodzicho, ndipo ndi chimenecho muyenera kuchifunsa mafunso.

Remington 700 inatuluka mu 1962 ndipo sindikuinyoza. Action yake ndi yobulungira ngati paipi, choncho ndi yosavuta kuigwira pa makina a lathe komanso kuikhazika bwino m'thako. N'chifukwa chake pafupifupi kampani iliyonse yopanga thako, chassis (chimango chachitsulo cholowa m'malo mwa thako) kapena trigger imayamba ndi muyezo wa 700. Vuto lili pakuti action yochokera kufakitale, makamaka yakale, kawirikawiri siikhala yowongoka ndendende. Mmisiri wa mfuti amayenera kusalaza nkhope ya kutsogolo pamene mpope umatsamira, kukonza mazinga kuti ayang'ane pakatikati, ndi kupala mano awiri a bolt kuti onse azigwira mofanana. Dzino limodzi likamagwira lokha, bolt imapendekeka pang'ono nthawi yowomba, ndipo zipolopolo zimabalalika popanda chifukwa chooneka. Pakati pa mpope ndi action pamakhalanso kachitsulo kolandira kukankha kwa mfuti, recoil lug, kamene kamakhala pakokha, ndipo ambiri amakasintha n'kuika kosalazidwa mbali zonse. Mukaphatikiza ndalama za mfuti yakaleyo ndi za mmisiri, mumapezeka kuti mwayandikira mtengo wa action yatsopano ya makampani ngati Zermatt, Defiance kapena Impact, imene ili ndi muyezo womwewo wa 700 koma inabadwa yowongoka kale. Ndipo tsiku lodzagulitsa, wogula adzaona Remington yakale basi, ntchito ya mmisiri ija sadzailipira.

Pali chinanso chimene simunachitchule. .30-06, umene ndi mtundu wa chipolopolo cha mfuti mwapezayo, ndi ya action yaitali, chipolopolo chake chathunthu chimafika mamilimita pafupifupi 85, pomwe .308 Winchester ndi 6.5 Creedmoor zili pa 71 kapena 72. Nkhope ya bolt ndi yofanana, mainchi 0.473, choncho mpope wa .308 ungamangidwe ndithu. Koma chipolopolo chachifupi mu magazine yaitali chimasewera, nthawi zina bolt imachidumpha kapena chimalowa chopendama. Ngati mukawombera F-Class, mpikisano wowombera chandamale patali, kumene amaika chipolopolo chimodzichimodzi ndi dzanja, zimenezi zilibe kanthu, ndipo action yaitali ndi yabwino kwa amene amatulutsa mutu wa chipolopolo kunja kwambiri ngati pa .284 Winchester. Ngati mukawombera mpikisano wa nthawi yowerengeka, wofuna magazine yochotseka ya mtundu wa AICS, mwadziputira mavuto.

Apa ndiime kaye, chifukwa anthu amasankha mfuti asanawerenge malamulo a mpikisano, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. F-Class, imene dzina lake linachokera kwa George Farquharson wa ku Canada, ili ndi magulu awiri. F-TR imalola .223 Remington ndi .308 Winchester zokha, ndipo mfuti yonse pamodzi ndi scope (galasi loonera patali) ndi miyendo yake isapitirire makilogalamu 8.25. F-Open imalola mpaka makilogalamu 10. Munthu amamanga 6.5 Creedmoor yokongola, n'kufika tsiku la mpikisano, n'kuuzidwa kuti gulu limene amafuna salowamo. Wina amaika mpope wonenepa wa mainchi 30 osayeza kulemera, sikelo n'kumukana. Malamulo a dziko lanu nawonso muwadziwe musanaitanitse chilichonse, pakuti m'maiko ena mpope ndi bolt zimafuna chiphaso ngati mfuti yeniyeniyo, ndipo kusintha kukula kwa chipolopolo kumafuna kulembetsa mwatsopano.

Chimene chimalekanitsa ma action amenewa kwenikweni ndi funso lakuti adzakusinthirani mpope ndani. Mpope wa mfuti ya chandamale umatha ngati matayala a galimoto. Moto wa wonga umadya pakhosi, pamene chipolopolo chimayambira kuluma mizere ya m'kati. Wa .308 umatha kupirira zipolopolo 5000 kapena kuposa, wa 6.5 Creedmoor nthawi zambiri umafooka pakati pa 2000 ndi 3000, wa 6mm wothamanga kwambiri umatha msanga kuposa pamenepo. Munthu wowomba mwakhama asintha mipope kangapo pa action imodzi. Ngati kusintha kulikonse kukufuna kutumiza mfuti kwa mmisiri ndi kudikira miyezi, mudzatopa.

Savage 110, imene inayamba mu 1958, inathetsa vutoli ndi nati yomangira mpope. Mumalowetsa geji ya go, kachitsulo koyezera kooneka ngati chipolopolo, m'chipinda cha chipolopolo, kutseka bolt, kupotokola mpope mpaka ukhudze gejiyo, n'kumanga natiyo. Kenako mumayesa geji ya no-go, yotalikirapo pang'ono, ndipo bolt isatseke. Pa .308 kusiyana kwa mageji awiriwa ndi mainchi 0.004 okha, ndipo amene amadumpha kuyesa kwachiwiriku akusewera ndi maso ake, chifukwa mpata ukachuluka chikopa cha chipolopolo, chitini chija chosunga wonga, chimatambasuka mpaka kuduka. Mutu wa bolt ya Savage umasewera pang'ono mwadala kotero mano onse amadzikhazika okha. Muonetsetse ngati action yanu ndi ya small shank kapena large shank, kutanthauza kukula kwa mazinga omangira mpope, musanaitanitse mpope. Bolt yake imalemera poikweza, ndipo ine sindiikonda pa mpikisano wothamanga, koma pa chandamale imawomba bwino.

Howa 1500 ya ku Japan ndi yolimba, yapansi pathyathyathya, recoil lug yake ndi chitsulo chimodzi ndi action, koma mazinga ake ndi a muyezo wa mamilimita ndipo zigawo zosinthira ndi zochepa. Mauser 98 ndi Lee-Enfield zakale zija zisiyeni zikhale mmene zilili, kuziboola n'kuwononga mbiri popanda phindu.

Nanga Tikka ija?

Mnzanu uja wanena zoona, ndipo ndikuikira kumbuyo mawu ake mosazengereza. Tikka T3x imapangidwa ndi Sako ku Riihimäki, ku Finland, ndipo miyezo yake imafanana mokwanira moti makampani amagulitsa mipope yodulidwa kale, yongomanga mpaka phewa, kuyesa mageji, basi. Bolt imakwera madigiri 70 m'malo mwa 90, motero dzanja siligunda scope. Trigger yake imatsika kufika pafupifupi kilogalamu imodzi ndi sikuluu imodzi yokha, ndipo ambiri saisintha n'komwe. Choipa chake n'chakuti mpope wa kufakitale umamangidwa mwamphamvu zedi. Kuumasula kumafuna vaisi ya mpope ndi sipanala yake ya action, ndipo amene amalowetsa chitsulo pabowo lotulukira zikopa n'kukanikiza amapotoza action yonse, yosakonzekanso.

Ndiye chitani izi. Isiyeni .30-06 ija kwa mlenje. Tengani T3x ya mpope wonenepa, ya .308 ngati mukufuna F-TR, kapena 6.5 Creedmoor ya mizere yozungulira kamodzi pa mainchi 8 kuti igwire zipolopolo za magreni 140. Iikeni mu chassis ya aluminiyamu, mumange masikuluu awiri a action ndi sipanala yoyeza mphamvu, molingana ndi zimene wopanga chassis analemba, nthawi zambiri pafupi ndi ma newton-mita 7. Pamwamba ikani njanji yokhazikapo scope yopendekera kutsogolo pang'ono, ya 20 MOA (muyezo wa kupendekako), kuti mpata wokwezera scope usakuthereni pa mamita 1000. Mpope wa kufakitalewo musauchotse. Uwombereni mpaka uthe, mukuphunzira mphepo ndi kulemba chilichonse m'kabuku, ndipo ndalama za mpope watsopano zipite ku scope ndi zipolopolo.